Kufupika pa Msewu wa ku Ruwais

Pa khoma la galaja imene ndimagwirako ntchito ku Ras Al Khor pali mzere wa penti wofiira. Anaujambula ndi Rodel, mnzanga wa ku Philippines amene amapenta magalimoto, ndipo mutauona mungaganize kuti ndi pokoleka masipanala. Ayi, ndi muyeso wanga. Mzere umenewo ndi umene unandimetetsa mpala n'kundiyendetsa basi kuchoka ku Dubai mpaka ku Ruwais, mkati mwenimweni mwa chipululu, m'chaka chachiwiri cha mliri wa kolona.

Ndifotokoze kaye, chifukwa amene sanakhaleko kuno sangamve. Kwa anthu a ku Philippines, basiketibo ndi tchalitchi chachiwiri. Ali ndi maligi awoawo, ndipo amatchulana kabayan, ndiye kuti wakwathu. Timu iliyonse inkaloledwa kutenga mlendo mmodzi basi, ndipo mlendoyo ankamutcha impoti, ngati injini yobwera pa sitima. Lamulo linali lakuti impoti asapitirire mafiti sikisi. Kabayan akhoza kutalika mpaka kugunda denga, palibe womufunsa. Ife alendo ndi amene tinkavula nsapato pakhomo, msana kukhoma, wina n'kutiika kathabwa pamutu.

Vuto langa linali lakuti ndikadzuka m'mawa ndimapitirira mzere wofiira uja, wa mafiti sikisi, ndi kupingasa kwa chala chimodzi. Rodel, amene analinso kaputeni wathu, ndiye anatulukira kuti munthu amafupika pang'ono tsiku likamapita, makamaka akasenza zolemera kapena akakhalitsa pampando. Ndiye tsiku loyeza likafika ndinkameta mpala n'kusenza giyabokosi kuzungulira galaja, iye ali pambuyo kuwerenga maulendo, akufa ndi phwete. Zaka zitatu ndinkadutsa choncho. Zaka zitatu ndikulandira zigongono pansi pa dengu m'malo mwa timu yonse. Ndinkamutcha Kuya Rodel, kuya kukhala achimwene m'chilankhulo chawo, ndipo sindinkatero mongomusangalatsa. Kolona itandigwira, ndili ndekhandekha m'kachipinda kogawa ndi matabwa ku Hor Al Anz, ndi iyeyo amene ankasiya supu pakhomo tsiku lililonse mpaka ndinadzuka.

Maholo osewerera atatsekedwa chifukwa cha mliri tinatha chaka osakhudza mpira. Ndiye Rodel atabwera ndi nkhani yoti kuli mpikisano wa tsiku limodzi ku kampu ina ya antchito pafupi ndi Ruwais, ndinangoti yalla, tiyeni, ndisanafunse n'komwe kuti Ruwais ili kuti. Chifukwa cha mliri timu iliyonse inkalembetsa anthu eyiti okha. Kudzaza galimoto yaing'ono sankalola, ndiye pankafunika basi yoti anthu akhale motalikirana. Pagalaja panali basi ya bwana, ndipo laisensi ya basi ndinali nayo ndine ndekha. Bwana anabwereketsa pa dzina langa. Rodel anandimenya paphewa n'kunena kuti zagwirizana bwino kwambiri: maola anayi pa chiwongolero, msana utaphwathika, ndikafika ndili wamfupi kale, giyabokosi siifunikanso. Jezi yatsopano anati ndikalandirira komweko. Ndinali nditaiona pachithunzi, nambala 14, kumsana atalemba MAGOMBO, dzina la malemu bambo anga.

Ndinaganiza zotenga Esnati, mlongo wanga wamng'ono. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Barsha, yogonera komweko, ndipo chiyambire mliri madamu ake anali asanamulole kutuluka, ati angabweretsere ana matenda. Ndinamuchonderera madamuyo pafoni ngati ndikufunsira mbeta. Anavomera Lachisanu limodzi, koma eyiti koloko madzulo Esnati akhale ali m'nyumba, apo ayi tsiku lopuma aliiwale. Esnati anali asanandionepo ndikusewera chichokereni kusekondale ku Zomba, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuti aone kuti mchimwene wake kuno sangokhala munthu wamafuta m'zikhadabo.

Ndinaliza basi kukucha. Ndinayamba ku Muhaisnah, kumene anyamata atatu amagona kukampu, ndipo kuchedwa kunayambira pomwepo chifukwa mmodzi anaiwala chitupa n'kubwerera kuchipinda chake chakumwamba, chikepe chili chakufa. Ku Hor Al Anz kunakwera otsalawo ndi Rodel, atanyamula chikwama cha majezi ndi mpoto wa adobo, nkhuku yawo yophika ndi viniga. Pambuyo pake panakwera bambo wina wamfupi, wojintcha, amene sindinkamudziwa. Rodel anati ndi Jomar, msuweni wake, wabwera kudzajambula zithunzi. Ndinamulandira ndi chigongono monga tinkachitira masiku amenewo.

Esnati tinamupeza ataima kunja kwa geti, atavala diresi yake ya kutchalitchi ndi masiki awiri. Atakwera anayang'ana mutu wanga n'kufunsa ngati kwagwa maliro. Ndinamufotokozera za muyeso. Anandiyang'anitsitsa, kenako anati iye ankaganiza kuti amene amayezedwa pakhomo ndi ana a sikelo okha. Anakhala mpando wa kumbuyo kwangako, ndipo tisanafike n'komwe ku Jebel Ali anandikodola.

"Achimwene, munati timu ndi anthu eyiti?"

Ndinavomera.

"Muno amuna muli naini. Ndipo wojambula wanuyo kamera alibe, koma nsapato za mpira wavala."

Ndinamuuza kuti asiye upolisi, masiku ano anthu amajambula ndi foni. Esnati ndi wotero kuyambira kale, sangaone chinthu osachiwerenga.

Ku Ghantoot, malire a Dubai ndi Abu Dhabi, ndi kumene tinaima nthawi yaitali. Masiku amenewo pamenepo panali ngati pa Mwanza boda, kungoti m'malo mwa pasipoti ankafuna uthenga wa pafoni wosonyeza kuti unayezedwa ndipo ulibe kolona. Mzere wa magalimoto unali wosaoneka kotsiriza kwake. Tinayenda mwakamba, wapolisi anakwera, aliyense anakweza foni yake. Atafika pa Esnati, foni ilibe kanthu. Kuyezetsa anayezetsa ndithu, koma pomulembetsa kuchipatala madamu anapereka nambala yawo, ndiye uthenga unali m'foni ya madamu, ndipo madamu Lachisanu m'mawa sadzutsidwa. Tinaimba kanayi, osayankha. Wapolisi anangoloza ndi chibwano ku tenti yaikulu yoyera pambali pa msewu, kumene ankabaya chala n'kupereka zotsatira pompopompo ukalipira madiramu fifite.

Pompopompo wake unali wa ola ndi theka. Tinaima pa timizere tojambula pansi, mphepo ya m'chipululu ikulowa m'makutu, mutu wanga wampala ukuzizidwa kwadzaoneni. Mlonda wa patentipo anatimva tikulankhula n'kutiyandikira. Anali bambo wamtali wa ku Chipata, dzina lake Zulu, ndipo anasangalala ngati wapeza abale. Anatifunsa za kwathu, za mvula, za mtengo wa feteleza, kenako anafunsa kumene tikupita ndi basi yodzaza makabayan. Nditamuuza, nkhope yake inasintha.

"Bakuvomelani? Ine nenze kuteya mpira ku Mussafah. Banatichosa mwezi watha, ati ma African tili na mphamvu maningi, tiononga mpira wao."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinamuuza kuti maligi amasiyana, kuti wathu ndasewerako zaka zitatu, ndiponso kuti kaputeni wathu ndi m'bale wanga weniweni, anandidwazika ndili pafupi kufa. Zulu anakweza manja n'kunena kuti inshallah, mudala, mwina kwanu n'kwina. Esnati anangopsinja kathonje pachala chake, maso ali kubasi.

Titadutsa Abu Dhabi tinalowa m'nkhungu. Sindinaonepo nkhungu yotero ngakhale pa phiri la Zomba. Galimoto yakutsogolo inkangozimiririka ukuiona. Kumeneko nkhungu ikatsika mabasi ndi malole saloledwa kuyenda, ndiye ndinakhotera pa malo omwetsera mafuta n'kuzimitsa injini pakati pa malole a ku Pakistan. Madalaivala awo anali atayala mikeka, akumwa tiyi, osadandaula n'komwe. Ife tinagula tiyi wa karaki ndi maparata, machapati a kumeneko, anyamata anatsegula mpoto. Rodel anandipakulira yekha monga mwa nthawi zonse, n'kundisankhira ntchafu. Anapakuliranso Esnati, akumutcha sisita. Ndinamuyang'ana Esnati mwakuti waona? Ndi anthu amenewa ukuwakayikira?

Ndili pakati pakudya ndinapempha jezi yanga kuti ndiyese, popeza tinali kungokhala. Rodel anati chikwama chili pansi penipeni pa katundu, tisavutike. Wina anayankhula kanthu m'chilankhulo chawo, awiri anaseka pang'ono, kenako basi yonse inangoti zii. Zimenezo ndinazizolowera. Ukakhala mlendo mmodzi pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, umaphunzira kuseka nawo osamva, ndi kusafunsa akakhala chete. Ndinatuluka kukaimirira panja, koma nditakumbukira kuti ndiyenera kufupika ndinabwerera msanga pampando. Taonani uchitsiru wake. Bambo wamkulu wa zaka makumi atatu ndi zinayi, kuopa kuwongola msana.

Nkhungu inayera cha m'ma teni. Kulembetsa kunkatseka thwelofu, ndiye ndinaponda moto. Msewu wa kumeneko ndi wowongoka mogwetsa ulesi, mchenga uku, mchenga uku, mawaya a magetsi basi. Titangopitirira Tarif ndinamva kulira ngati mluzu ku injini, singano ya kutentha n'kuyamba kukwera. Lamba wa fani anali ataduka. Mwayi wake, basi ya galaja siisowa lamba wakale pansi pa mpando. Ndinavula malaya n'kulowa pansi, Rodel akundipatsira masipanala. Ndi mmene timagwirira ntchito masiku onse: sindisowa kutchula nambala, ndimangotambasula dzanja iye n'kuika yoyenera. Injini inandiwotcha pamkono, iye anathira madzi a m'botolo lake.

Ndikumanga nati yomaliza ndinamva akunditchula dzina, akuti, "Limbani, pare." Pare ndi mmene amaitanira mnzawo wapamtima. Ndinatulutsa mutu. Anali atagwada pamchenga, masiki ali pachibwano, akuyang'ana sipanala m'manja mwake. Ndinamufunsa kuti bwanji. Anati palibe, tilankhulana tikafika, nthawi yatha. Ine ndinaganiza kuti akudandaula za kuchedwa, ndiye ndinamulimbitsa mtima kuti tifika, asadere nkhawa, Magombo sanagonjepo ndi msewu. Ndikakumbukira mawu amenewo mpaka lero ndimafuna kudzimenya khofi.

Tinafika kutatsala mphindi khumi. Bwalo linali la simenti, lofolera ndi malata pamwamba, lozunguliridwa ndi mpanda wa waya. Pachipata panali tebulo, mayi wina wa komiti ali ndi mndandanda wa maina ndi choyezera kutentha, ndipo pakhoma la pambali anali atamata tepi yoyezera msinkhu. Anyamata anadutsa mmodzimmodzi. Ine ndinapita molunjika kukhoma, poti malo anga ndinkawadziwa. Patsogolo panga panali mzungu wina wa timu ya komweko, injiniya wa ku Ulaya, wamtali moti ndinkamuyang'ana mokweza khosi. Nsapato sanavule. Anaima pakhoma n'kupinda mawondo mwanthabwala, anthu anaseka, woyeza anasekanso n'kumulola kulowa.

Ndinati mumtima lero zinthu zaphweka. Komabe ndinavula nsapato ndi masokosi, ndinagunditsa zidendene kukhoma, ndinatulutsa mpweya wonse monga anandiphunzitsira Rodel. Woyeza sanabwere. Anayang'ana kwa mayi wa patebulo, mayiyo anandiitana ndi dzanja n'kufunsa dzina. Anatsika ndi chala pa maina eyiti a timu yathu. Wachisanu ndi chitatu anali Jomar. Langa analipeza pansi penipeni, kunja kwa mzere, pamalo olembapo dalaivala.

Ndinaseka. Ndinati pali kulakwitsa, ine ndine impoti wa timuyi. Mayiyo anali waulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandipweteka. Anati pepani sala, chaka chino komiti inagwirizana kuti maimpoti a ku Africa asasewere, chifukwa matimu ankadandaula kuti ndi amphamvu mopitirira ndipo anthu amavulala. Anati si tsankho ayi, ndi chitetezo chabe. Ndinaloza mzungu uja, amene panthawiyi anali akulendewera padengu ndi dzanja limodzi. Anati ameneyo ndi mlendo wochita kuitanidwa, ndi nkhani ina. Kenako, pofuna kundithandiza kuti ndimvetse, anatembenuza pepala n'kundionetsa kalata imene makaputeni onse anasainira. Siginecha ya Rodel ndimaidziwa, ndimaiona pa makadi a ntchito tsiku lililonse. Tsiku limene anasaina linali la masabata atatu m'mbuyomo, asanandiuze n'komwe zopempha basi kwa bwana.

Ndinaima pamenepo, nsapato m'manja, simenti ikundiwotcha kumapazi, mutu ukunyezimira ngati phale. Esnati anali pambali panga ndi diresi yake ya kutchalitchi. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene ndinalephera mayeso a fomu folo.

Rodel anatuluka yekha, sindinamuitane. Anayamba ndi kunena kuti analimbana nawo a komiti, anakana, anawauza kuti Limbani ndi munthu wabwino, sanavulazepo aliyense. Anati ankayembekezera kuti tikafika ndipo akandiona maso ndi maso asintha maganizo. Anati anyamata adikira chaka chonse, ena ntchito zinawathera, mpira wokhawu ndi umene watsala. Ndinamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndikanakuuza sukanabwera."

"Ndipo ndikanapanda kubwera?"

Anayang'ana kubasi. Sanafune kutero, maso anangopita okha.

Ndinamufunsa za msana. Ndinati nanga zija zoti ndiyendetse ndine kuti ndifupike, unaziganiza liti, usanasaine kapena utasaina? Mluzu unalira mkati, wina anamuitana, iye anandigwira pamkono pomwe panapsa paja n'kunena kuti tikambirana bwinobwino mpira ukatha. Ndipo analowa. Chimene chinandipweteka kwambiri si komiti ayi. A komiti sindiwadziwa, sanadyepo nane. Akanabwera Rodel pagalaja n'kunena kuti pare, atikaniza, koma tithandize basi, mwina ndikanatukwana tsiku limodzi n'kuwayendetsabe. Koma anandisiya ndimete. Anandiona ndikugula nsapato zatsopano. Anandimva ndikuchonderera madamu a Esnati pafoni, ali chiimire pambali panga akusakaniza penti.

Ndinkafuna kunyamuka nthawi yomweyo, koma Esnati anakana. Anati wabayidwa chala, wazizidwa, wadya nkhuku ya viniga, ndiye mpira umene mchimwene wake amaufera auone ndithu. Oonerera sankaloledwa mkati, choncho tinaima kuwaya pamodzi ndi madalaivala ena awiri, wa ku Nepal ndi wa ku Uganda. Wa ku Ugandayo anayang'ana nsapato zanga, anayang'ana mutu wanga. Anangosuntha kuti ndipeze mthunzi.

Timu yathu inalowa ndi majezi atsopano abuluu. Jomar anali ndi nambala 14. Jeziyo inasokedwa pa thupi langa, ndiye iyeyo inkamufika m'mawondo ngati diresi yobwereka. Pamalo a dzina anali atamatapo tepi yakuda, yomangira mawaya a magetsi, ya pagalaja pathu pomwe. Ndiye chifukwa chake chikwama chinali pansi pa katundu. Ndinaonerera mano ali gwa. Ankasewera bwino, zimenezo ndisaname, ndipo thupi langa lopusali linkangosuntha lokha mpira ukagunda dengu, kufuna kudumpha.

Tepi imeneyo sigwira pansalu yonyowa, aliyense wa pagalaja amadziwa. Jomar atayamba kutuluka thukuta, tepi inayamba kumatuka kumapeto. Poyamba panaoneka O. Kenako MBO. Ankathamanga tepi ikukupiza kumsana ngati mchira, ndipo pofika kumapeto kwa chigawo chachiwiri inagweratu pansi, woyimbira n'kuikankhira kunja ndi phazi. MAGOMBO yense anali poyera, akuthamanga m'bwalo limene mwini wake analetsedwa kulowa. A timu ina anayamba kulozerana ndi kuseka. Esnati anagwira waya ndi manja awiri.

"Achimwene, dzina la bambo lija. Mulisiya pamenepo?"

Atapuma theka ndinazungulira mpanda mpaka kuseri kwa benchi yawo. Sindinakuwe. Ndinamuitana Jomar n'kumuuza kuti jezi wavalayo ili ndi dzina la bambo anga, ndikuifuna. Munthuyo anachita manyazi mpaka makutu kufiira. Anaivula pomwepo n'kuiponya pamwamba pa waya, akupepesa, akuti iye anangouzidwa kuti mwini wake wavulala bondo. Ndinamukhulupirira. Zoti asewera ndi chiyani sinali nkhani yanga. Rodel anabwera kuwaya akupuma mwawefuwefu, thaulo lili m'khosi, n'kuyamba kuti pare, chonde, tikutsogola, tikapambana uwu wina uli folo koloko.

"Papepala paja mwalemba kuti ndine dalaivala," ndinatero. "Dalaivala akunyamuka hafu thu. Mlongo wake ali ndi nthawi yofikira. Wofuna kukwera akwere."

Anaganiza kuti ndikungoopseza. Zaka zitatu ndinali ndisanamukanirepo kanthu, ndiye sindimudabwa. Ndinatsitsa zikwama zawo chimodzichimodzi n'kuziika bwinobwino pamthunzi, mpoto wa adobo pamwamba. Hafu thu itakwana ndinaimba hutala kawiri, ndinadikira mphindi zisanu zathunthu, chitseko chili chotsegula. Mkati munkamveka nsapato kulira pasimenti ndi anthu kukuwa. Palibe anatuluka.

Za pobwerera ndilibe zambiri. Nkhungu kunalibe, lamba anagwira, ndipo polowa ku Dubai sankafunsa uthenga wa pafoni. Basi yopanda anthu imachita phokoso, mipando yonse imangogwedera. Esnati anasamukira mpando wakutsogolo, jezi yonyowa ataiyanika pawindo. Foni yanga inalira mpaka inatopa. Sindinamve kukoma kulikonse, musaganize kuti ndinkaimba nyimbo. Ndinkangoona kapoto ka supu pakhomo la kachipinda kanga, n'kumadzifunsa kuti munthu mmodzi yemweyo angachite bwanji zonse ziwiri. Cha ku Mirfa misozi inanditsika, ndinanamizira mchenga. Esnati anayang'ana kunja mpaka ndinamaliza. Anyamata aja ndinamva kuti anagona kukampu komweko n'kubwera mawa lake pa mabasi olumikiza. Ine ndi Rodel tikugwirabe ntchito galaja imodzi. Ndikatambasula dzanja amaikabe sipanala yoyenera, koma ndimamutcha Rodel basi.

Tinalowa mu Dubai dzuwa litangolowa kumene. Ndinafuna kukhotera ku Al Barsha, koma Esnati anati eyiti sinakwane, ndipo madamu sawapatsa ngakhale mphindi imodzi ya tsiku lake. Ndiye tinapita limodzi ku Ras Al Khor kukasiya basi, kuti kuchokera uko ndimuperekeze pa takisi. Ndikutseka mawindo, iye anazungulirazungulira m'galaja mpaka anaupeza mzere wofiira uja. Anandifunsa ngati ndi umenewu. Ndinati eya. Anandiuza kuti ndivule nsapato.

Ndinakana, ndinati zatha zimenezo, khalasi. Anati iye wayenda ulendo wonsewu osaona mchimwene wake akusewera, ndiye aone chokhacho chimene chatsala. Ndinavula. Ndinagunditsa zidendene kukhoma. Esnati anakwera pa tayala lakale, anatenga kathabwa kosakanizira penti n'kukaika pamutu panga, kenako anandiuza kuti ndichoke pang'onopang'ono iye atagwira. Ndinatembenuka kuyang'ana. Kathabwa kanali pansi pa mzere, ndipo pakati pake Esnati analowetsapo chala chake chobayidwa chija, chinakwana bwinobwino.

"Mwafupika ndithu, achimwene," anatero. "Pamenepa pokha sanakunamizeni."